Kasankhidwe ka penti wofatsa wa pabalaza ndi mukolido

Penti sasankhira m'sitolo. Kumeneko mumangokatengako timakadi ta mitundu ndi kufunsa mitengo, koma chisankho chenicheni chimachitikira kunyumba, pakhoma lomwe mukufuna kupentalo. Ambiri timachita mosemphanitsa. Mwezi ukatha ndalama ikapezeka timathamangira ku hadiweya, kuloza kakadi kamene katikomera m'maso pansi pa magetsi a m'sitolo, basi ndowa ya malita 20 yakwera kabaza. Pofika Lamlungu khoma lauma, kirimu uja watuluka wachikasu, wotuwa uja wapendekera kubuluu, ndipo ndalama yoti mubwereze palibe.

Mitundu yofatsa imene ndikunena pano ndi ija yosakuwa: kirimu, ivory, magnolia, beige, wotuwa wopepuka, ndi woyera wosayereratu kuti mbee. Imakondedwa pabalaza chifukwa mutha kusintha sofa, makatani ndi zithunzi popanda kupentanso, komanso eni nyumba za lendi sakangana nayo. Vuto lake n'lakuti ndi yomwenso imapusitsa kwambiri. Penti wobiriwira amakhala wobiriwira m'mawa ndi usiku womwe. Wofatsa alibe mphamvu yakeyake, amatengera chilichonse chimene chamuyandikira, kaya ndi dzuwa, babu, pansi pa nyumba kapena mtengo wa mango uli pazenera. Ntchito yonse yagona pa kudziwa zimene khoma lanu likutengerako.

Yambani mwawerama

Musanaganize za khoma, onani chimene mwapondapo. Khoma mungalipentenso chaka chamawa, koma pansi, zitseko ndi mafelemu a mazenera zidzakhala momwemo zaka zambiri. Zimenezo ndiye zikulamulani.

Nyumba zambiri kwathu kuno pansi pake ndi simenti yofiira yopaka polishi. Kufiirako sikuthera pansi pomwepo. Dzuwa likalowa pakhomo n'kugunda simentiyo, kuwala kumakwera kukhoma kutatenga kale kufiira, makamaka chakumunsi kwa khomalo. Tsono mukaikapo penti amene ali kale ndi kapinki mkati, monga mitundu ina ya magnolia, pabalaza ponse pamasanduka pa pinki. Wotuwa wopendekera kubuluu nayenso sagwirizana ndi pansi potere, chifukwa kufiirako kumamuonetsa wozizira kuposa mmene alili. Simenti yofiira imafuna kirimu wopepuka kapena beige wopendekera ku mtundu wa mchenga.

M'nyumba zatsopano mwafala matailosi otuwa onyezimira. Pamenepa zinthu zimatembenuka. Kirimu wachikasu akakhala pamwamba pa matailosi otuwa amaoneka wothimbirira, mlendo n'kumaganiza kuti khomalo linapentedwa kalekale. Matailosi otere amayenda ndi woyera wosayereratu, kapena uja wokhala pakati pa wotuwa ndi beige. Ngati matailosi anu ndi a kirimu, musavutike kusaka penti wofanana nawo ndendende, simumupeza, ndipo kusiyana kwapang'onong'ono kumaoneka ngati kulakwitsa. Tengani wopepukirapo moonekeratu kuposa matailosiwo.

Kenako yang'anani matabwa. Zitseko zopaka vanishi, kabati ya mlombwa kapena tebulo la mbawa zimakhala ndi kufiira kwakenso, ndipo zimaoneka bwino pakhoma lofunda. Sofa ndiye muiganizire pomaliza pa zonsezi, pokhapokha ngati mwangoigula kumene ndipo mukhala nayo nthawi yaitali.

Sonkhanitsani zinthu zing'onozing'ono zoti munyamule popita kusitolo: tailosi imodzi yotsala pomanga, chovala cha khushoni, kansalu kodula pampendero wa katani. Chithunzi cha pafoni musachidalire. Kamera ya foni imakonza mitundu yokha, ndipo sikirini ya foni yanu ndi ya mnzanu sizionetsa kirimu mofanana.

Dziwani kumene mazenera anu ayang'ana

Tsiku lina muli pakhomo, imani pakati pa balaza m'mawa, masana ndi madzulo, muone kumene kuwala kukulowera.

Zenera loyang'ana kum'mawa limalowetsa dzuwa lofewa m'mamawa, kenako chipinda chimakhala mumthunzi tsiku lonse. Loyang'ana kumadzulo ndi loopsa kwa kirimu: kuyambira cha m'ma 3 koloko dzuwa limalowa lofiirira, ndipo m'mwezi wa Okutobala kirimu wolemera amaoneka wa olenji, chipinda n'kumamveka chotentha kuposa mmene chilili. Balaza lotere lipatseni mtundu wokhala ndi kotuwa pang'ono mkati kuti uziziritse.

Za kumpoto ndi kummwera pali msampha. Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ku Britain ndi ku America, ndipo amati chipinda choyang'ana kumpoto n'chozizira, chamdima. Zimenezo n'zoona kwa iwowo, komanso kwa abale athu amene akupenta nyumba ku Leicester kapena ku Manchester. Ife tili kummwera kwa equator. Ku Lilongwe, Blantyre, Chipata, Tete, Harare kapena Johannesburg, miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsa chakumpoto, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye. Choncho kwa ife zenera loyang'ana kumpoto ndilo limalandira dzuwa lambiri, ndipo chipinda chake chimapirira ngakhale mtundu wotuwa. Loyang'ana kummwera limalowetsa kuwala kozizira pafupifupi chaka chonse. M'chipinda choterocho wotuwa amafa, amangoti mbuu, ndipo amene akukhala ku Limbe, Thyolo kapena Mulanje akudziwa mmene balaza lotere limaonekera tsiku la chiperoni. Kumeneko pitani ku mitundu yofunda.

Suzumiraninso panja pa zeneralo. Khonde lalikulu limadula kuwala kwambiri ndithu. Mtengo wa mango kapena wa mapeyala ukakhala pafupi, kuwala kumalowa kutasefedwa ndi masamba, khoma loyera n'kumaoneka lobiriwirira. Mpanda wa njerwa zootcha wosapaka pulasitala, umene uli mamita awiri okha kuchokera pazenera monga zilili m'mapuloti ambiri a m'tauni, umaponyera kufiira m'nyumba. Bwalo losesedwa la dothi lofiira limachitanso chimodzimodzi. Zonsezi zimakhala pakhoma lanu penti asanafikepo n'komwe.

Konzani mababu musanayese penti

Pabalaza timakhalapo kwambiri usiku, ndiye mtundu umene muziuona nthawi zambiri ndi wa pansi pa babu. Tengani kabokosi ka babu muwerenge. Pamakhala nambala yothera ndi K. Babu ya 2700K kapena 3000K imawala mofunda, chachikasu pang'ono. Ya 4000K ili pakatikati. Ya 6500K imawala moyera mopendekera kubuluu, ndipo ndi imene imapezeka kwambiri m'magolosale.

Pansi pa babu ya 6500K, wotuwa amazizira kwambiri ndipo kirimu amatha kuoneka wobiriwirira. Pansi pa babu ya 2700K kirimu wolemera amasanduka chikasu chenicheni. Ine pabalaza ndimakonda 3000K kapena 4000K, koma chachikulu n'chakuti musankhe mtundu umodzi wa babu, muike pabalaza ndi mukolido momwe, ndipo muike tsopano, musanayambe kuyesa penti. Babu yachikasu pabalaza ndi yoyera mukolido zimachititsa penti mmodzi yemweyo kuoneka ngati mitundu iwiri.

Musaiwale nyali imene mumayatsa magetsi akathima. Nyali zambiri za sola ndi zotchaja zimawala mopendekera kubuluu. Khoma lopepuka limathandiza kanyali kamodzi kuwalitsa chipinda chonse, pamene beige wolemera amameza kuwalako, ana n'kumalemba homuweki atapanikizana pakona imodzi.

Tsopano pitani kusitolo, koma musagule ndowa

Nyamulani tailosi ija, kansalu kaja ndi pepala loyera la A4. Pepalalo ndi chida chachikulu pa ulendowu. Kakadi ka penti wofatsa mukakayang'ana pakokha kamangooneka koyera. Mukakagoneka papepala loyera, mtundu wobisika mkati umatulukira: aka n'kachikasu, aka kali ndi pinki, aka kapendekera kobiriwira, aka kubuluu. Kamtundu kobisika kameneka ndi kamene kadzakule pakhoma. Njira ina ndi kuyala timakadi tinayi kapena tisanu pamodzi. Tikayandikana timaululana tokha.

Tulukani nato panja pakhonde la sitolo, pamthunzi, muone ndi kuwala kwa tsiku. Ogulitsa ambiri salimbana nazo mukapempha bwino.

Mayina a pamakadi asakunyengeni. Makampani monga Dulux, Plascon ndi Rainbow aliyense ali ndi makadi ake, ndipo ivory wa kampani ina si ivory wa inzake. Mukangomutuma mnyamata kuti akagule kirimu, abwera ndi kirimu amene wapezeka. Lembani dzina la kampani, dzina la mtundu ndi nambala yake.

Makadi ena kumbuyo kapena pansi pake amalemba zilembo LRV ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 100. Nambalayo imasonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene pentiyo amabweza: ikakwera ndiye kuti ngwopepuka, ikatsika ngwakuda. Balaza la mazenera aang'ono okhala ndi mabaglabazi ndi makatani awiri ndingalipatse wa pakati pa 70 ndi 80. Lowala bwino likhoza kutsika mpaka cha m'ma 60 osada. Ngati nambalayo palibe, gwiritsani lamulo ili: mtundu umakula mphamvu ukafika pakhoma lalikulu. Mukapeza kakadi kamene kakukomerani, tengani kamene kali pamwamba pake, kopepukirapo.

Za woyera weniweni, uja wa mbee, ndinenepo maganizo anga. Ndi wotsika mtengo, amapezeka paliponse, ndipo tsiku loyamba amakongola. Koma kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, mphepo imalowetsa fumbi m'nyumba ngakhale mutatseka mazenera, ndipo fumbi la m'madera ambiri kwathu kuno ndi lofiira. Pakhoma loyera limaonekera msanga, pamwamba pa masoketi, m'makona, ndi pomwe katani imakhudza khoma. Mukaonjezera utsi wa mbaula yolowetsedwa m'nyumba mu Juni, chaka sichitha. Wotuwa wopendekera kubuluu naye fumbi lofiira limamuipitsa. Mitundu yokhala ndi kamchenga mkati imabisa zambiri. Woyera musiyireni siling'i.

Pamapeto musankhe mitundu itatu, osapitirira. Gulani kachitini kakang'ono kwambiri kamene angakugulitseni pa mtundu uliwonse, nthawi zambiri ka lita imodzi. Zimaoneka ngati kuwononga ndalama, koma yerekezani ndi mtengo wa ndowa yonse ndi malipiro a mmisiri kachiwiri. Ngati thumba silikulola, yesani iwiri.

Kuyesa, gawo limene ambiri amalidumpha

Musapake timizere titatu toyandikana pakhoma lakale. Mtundu wakale wa khomalo umasokoneza maso, ndipo timizereto timasokonezana tokhatokha. Komanso pambuyo pake timadzaonekera pansi pa penti watsopano.

Pezani makatoni akuluakulu atatu, monga a firiji kapena a TV, kapena zidutswa za bolodi ya siling'i. Chilichonse chikhale pafupifupi theka la mita mbali zonse, kukula kuposa apo n'kwabwinonso. Katoni ndi ya bulauni, ndiye yambani mwaipaka woyera, iume. Kenako pakani mtundu wanu kawiri, kudikira kuti koti yoyamba iume musanaike yachiwiri. Kumbuyo lembani dzina ndi nambala. Musaweruze tsiku lomwelo, chifukwa penti wamadzi amasintha maonekedwe akamauma. Dikirani mawa.

Mawa lakelo tengani katoni imodzi, zinazo muzibise kuchipinda. Iimikeni pansi penipeni, yotsamira khoma, kuti ikhudzane ndi simenti kapena matailosi. Bwererani m'mbuyo mpaka pakhomo muyang'ane. Kenako isunthireni kuseri kwa sofa, pambali pa katani, pafupi ndi chitseko cha vanishi. Iikeni pakhoma loyang'anizana ndi zenera, limene limalandira kuwala konse, ndiponso pakhoma lomwe pali zeneralo, limene nthawi zonse limakhala lamdima kuposa ena onse. Mudzadabwa kuona katoni imodzi yomweyo ikusintha nkhope pakhoma lililonse.

Chitani zimenezi kanayi pa tsiku: m'mawa cha m'ma 7, masana dzuwa lili paliwombo, madzulo cha m'ma 4 kapena 5, ndi usiku mababu atayaka. Ngati magetsi athima usiku umenewo, ndi mwayi, yatsani nyali ija muonenso. Tsiku lotsatira tulutsani katoni yachiwiri. Musathamange. Masiku atatu kapena anayi amakwana, ndipo nthawi zambiri mtundu umodzi umadzichotsa wokha tsiku loyamba lomwe, mwina madzulo pamene wasanduka pinki.

Funso loti muzidzifunsa si lakuti ndi uti wokongola kwambiri. Funsani kuti ndi uti amene sanaipe pa nthawi iliyonse. Penti amene amakongola kwambiri masana koma usiku n'kubiriwira, musiyeni. Amene wangokhala bwinobwino nthawi zonse zinayi ndiye wanu.

Apa ndi pomwe mufunsenso anzanu a m'nyumba. Bambo ndi mayi agwirizane katoni ili pakhoma, osati ndowa itagulidwa. Koma musaitane mudzi wonse. Mlamu, aneba ndi anzanu a ku kwaya aliyense adzatchula mtundu wa kunyumba kwake.

Lowani nayo katoniyo mukolido

Kolido ya nyumba zathu zambiri ilibe zenera. Ndi kanjira kopapatiza, mita imodzi ndi pang'ono, zitseko za kuzipinda mbali zonse, kuwala kumangobwera kuchokera pabalaza kapena pachitseko chimene chasiyidwa chotsekula. Mtundu uliwonse umada ukalowa mmenemo. Beige amene anali wofewa pabalaza amatha kukhala bulauni mukolido.

Nzeru yosavuta ndi kupaka mtundu umodzi pabalaza ndi mukolido. Munthu atakhala pasofa amaona makoma onse awiri nthawi imodzi, ndipo mtundu umodzi umachititsa nyumba kuoneka yotakasuka. Mumagulanso ndowa imodzi, zotsala n'kukhala zamtundu umodzi. Kuti zimenezi zitheke, mtunduwo upambane mayeso a mukolido, chifukwa ndi mmene muli movuta. Imikani katoni kumapeto kwenikweni kwa kolido, tsekani zitseko zonse za kuzipinda, muyang'ane muli pabalaza masana babu yosayatsa.

Ikaoneka yakuda kwambiri, pali njira ziwiri. Mutha kutsitsa nyumba yonse ku mtundu wopepukirapo. Kapena pabalaza musiye mtundu mwasankhawo, mukolido muike mng'ono wake wochokera pakadi lomwelo, sitepe imodzi kapena ziwiri kupita kopepuka. Masitolo okhala ndi makina osakanizira amathanso kukupangirani mtundu womwewo ndi theka la mphamvu yake. Chimene simuyenera kuchita ndi kuika kirimu wachikasu pabalaza ndi wotuwa wabuluu mukolido. Pamene akumanirana pamaoneka ngati penti anathera panjira. Ngati mitundu ili iwiri, isinthire pakona yolowa mkati kapena pafelemu ya chitseko, osati pakati pa khoma losalala.

Zitseko za mukolido zikakhala zambiri komanso zakuda, zimadya kuwala kuposa khoma. Nthawi zina kupenta mafelemu okha ndi woyera kumasintha kolido kuposa kusintha mtundu wa khoma.

Sankhani kanyezimiridwe

Mtundu umodzi umagulitsidwa mosiyanasiyana, ndipo pachitini amalemba. Matt sanyezimira konse, amabisa mabampu a pulasitala, koma wotchipa wake sapirira kupukuta: mukadutsitsa kansalu konyowa, penti amatsalira pakansalupo. Sheen kapena silk amanyezimira pang'ono ndipo amapukutika. Gloss amanyezimira kwambiri, ndipo amaulula paliponse pamene womanga anathamanga.

Pabalaza, ngati pulasitala ili ndi mafunde, matt wabwino wolembedwa kuti ngwochapika ndiye woyenera. Kolido ndi nkhani ina. Ndi mmene ana amayenda akukhwekhwereza dzanja kukhoma, mmene njinga imalowera usiku, mmene thumba la chimanga limakhula popita kusitolo ya m'nyumba. Pautali wa chiuno mpaka phewa pamada msanga. Mmenemo ikani sheen. Kunyezimira kwake kwapang'onoko kumathandizanso kubweza kuwala. Dziwani chabe kuti mtundu womwewo umaoneka wolemererapo pang'ono mu sheen kusiyana ndi mu matt.

Ena amakonda kudula khoma pakati, kumunsi gloss wakuda, kumtunda wopepuka, monga zimakhalira m'masukulu ndi m'zipatala. Zimagwira ntchito, sindikana, koma mukolido yopapatiza zimafupikitsa khoma. Ine ndingangopaka kamzere ka m'munsi kokha, kotalika ngati chikhatho, ndi gloss wolemererapo kuti mopu isamadetse khoma.

Werengani malita

Yezani ndi tepi. Tiyerekeze balaza la mamita 5 mulitali ndi 4 mulifupi, khoma lotalika mamita 2.7. Kuzungulira chipinda ndi mamita 18. Kuchulukitsa ndi 2.7 kukupatsani masikweya mita pafupifupi 49. Chotsanipo 7 a zitseko ndi mazenera, atsala 42. Kolido ya mamita 6 ili ndi makoma awiri aatali, omwe ndi masikweya mita 32, kuonjezapo 3 a khoma la kumapeto, kuchotsapo 7 a zitseko zinayi, atsala 28. Zonse pamodzi ndi 70. Popeza mupaka kawiri, ndi 140.

Penti wamadzi wambiri amakuta masikweya mita 8 mpaka 10 pa lita imodzi pakhoma losalala, koma werengani pachitini chanu chifukwa amasiyana. Pa chitsanzo chathuchi mufunika malita a pakati pa 14 ndi 18, ndiye ndowa imodzi ya malita 20 ikwana n'kutsalako. Ngati kolido ikulandira sheen payokha, malita 6 kapena 7 apite kumeneko, otsalawo pabalaza. Khoma lokhakhala kapena la pulasitala yatsopano limamwa kwambiri kuposa apa.

Gulani penti yense tsiku limodzi, pamalo amodzi. Ngati ndi wosakaniza pamakina, asakanize nthawi imodzi, ndipo kapepala ka nambala kamene amamata pachivundikiro mukajambule ndi kukasunga. Ngati ndi zitini zingapo za malita 5, onani kuti nambala ya batch, yosonyeza zitini zopangidwa ulendo umodzi, ndi imodzi, ndipo musanayambe zithireni zonse mu ndowa imodzi yaikulu, mutakase bwino. Zitini ziwiri za dzina limodzi zimatha kusiyana pang'ono, ndipo pa mitundu yofatsa kusiyanako kumaonekera pakati pa khoma. Tsekulani chivundikiro muli m'sitolo momwemo, dontho limodzi mulipake pakona ya katoni yanu ija, liume, muone ngati ndi yemweyo.

Amisiri ena amakonda kugula woyera ndi timabotolo ta mtundu n'kusakaniza okha pamalo. Alipo odziwa ndithu. Koma penti akathera pakati pa ntchito, kapena mukadzafuna wokonzera chaka chamawa, mtundu umenewo sudzapezekanso.

Khoma likonzeke, apo ayi mtundu mwasankhawo suoneka

Pulasitala yatsopano isiyeni iume pafupifupi masabata anayi, kenako ipakeni plaster primer, penti woyambira wa pulasitala yatsopano, musanaike mtundu. Mukathamanga, khoma limatuluka mawangamawanga ndipo penti amasupuka. Khoma limene linapakidwapo laimu liyeseni ndi chikhatho: dzanja likayera, palani ndi kutsuka kaye, chifukwa penti sagwira pa ufa. Ngati kumunsi kwa khoma kukutukumuka kapena kukutuluka zoyera zonga mchere, chimenecho ndi chinyontho, ndipo muyambe mwapeza kumene madzi akuchokera. Penti wofatsa sabisa chinyontho, amachionetsa.

Ming'alu itsekeni ndi fila, ikauma mukhule ndi sandipepa. Khoma lakale la gloss likhuleni kuti lisiye kuterera, koma nyowetsani sandipepayo ndipo ana atuluke, popeza penti wina wakale wamafuta amakhala ndi mtovu ndipo fumbi lake ndi loipa m'thupi. Ngati mtundu wakale unali wamphamvu, monga buluu, wobiriwira kapena pinki, yambani ndi koti yoyera. Mukapanda kutero wakaleyo adzasuzumira pansi pa kirimu wanu n'kumusintha.

Nyengo yabwino yopentera ndi mvula itatha, fumbi lisanayambe, cha mu Meyi mpaka Julaye. M'dzinja makoma amachedwa kuuma.

Ndi mmisiri gwirizanani zinthu ziwiri ntchito isanayambe. Choyamba ndi madzi. Mudzamva kuti, "Bwana, pentiyu ngolimba, tithireko madzi kuti akwane." Pachitini amalemba mlingo wa madzi wololedwa, ndipo nthawi zambiri ndi wochepa, wa koti yoyamba. Penti wosungunula kwambiri amatuluka wotumbuluka, wa mizeremizere, wosafanana ndi katoni yanu. Yankho lake ndi laulemu koma lomveka: "Amisiri, tiyeni titsate zimene alemba apazi, akatha ndigula wina." Chachiwiri, apente khoma limodzi lokha makoti awiri, liume, inu mulione masana ndi usiku musanawalole kupitiriza. Koti yoyamba ikangopakidwa musachite mantha, nthawi zonse imaoneka yoipa.

Penti wotsala muthireni m'chitini chaching'ono chotseka bwino, mulembe dzina, nambala ndi chipinda chake, musunge pamthunzi. Pokonza pamene pakalika, gwiritsani chida chomwe chinapentera khomalo, rola ngati inali rola, chifukwa bulashi imasiya chigamba chooneka. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu khoma limakhala litasintha ndi dzuwa ndi fumbi, ndiye kachigamba katsopano kamawala pakokha. Zikafika pamenepo pentani khoma lonselo kuchokera pakona kufika pakona inzake.